Buonarroti

Buonarroti ndi dzina la banja la ku Italy, lochokera mumzinda wa Florence, m'chigawo cha Tuscany. Gwero lake ndi dzina la mwamuna lakuti Buonarroto, limene ambiri amalimasulira kuti "chowonjezera chabwino", mawu oyamikira kubadwa kwa mwana pakhomo. Dzina lonse la banjali linali Buonarroti Simoni.

Amene analitchukitsa ndi Michelangelo, katswiri wosema miyala ndi kujambula, wobadwira ku Caprese m'chaka cha 1475. Iyeyu ankakhulupirira kuti makolo ake anali akuluakulu a ku Canossa, ngakhale umboni wa zimenezo palibe. Sanakwatire ndipo anamwalira mu 1564 wopanda mwana, moti dzinali linapitirira kudzera mwa Lionardo, mwana wa mng'ono wake.

M'banja lomweli munatulukanso Filippo Buonarroti, wobadwa mu 1761, amene anakonza chiwembu chofuna kugwetsa boma la France pamodzi ndi mnzake wotchedwa Babeuf mu 1796.

Cosimo Buonarroti atamwalira mu 1858, anasiyira anthu onse nyumba ya makolo ake mumsewu wa Ghibellina ku Florence. Lero imatchedwa Casa Buonarroti, ndipo ziboliboli ziwiri zimene Michelangelo anasema ali mnyamata zili momwemo. Masiku ano dzinali limaoneka kwambiri pa misewu ndi masukulu a ku Italy kuposa pa anthu.