Nthambo ya Pansi pa Nyanja ya Pacific: Mmene Maboma Anagawirana Mtengo

Ana inu ndi aphunzitsi anu, lero tengani mapu a dziko lonse lapansi, mupeze nyanja ya mcere yaikulu koposa zonse, ya Pacific. Ikani cala cimodzi pa Canada, cina pa Australia. Madzi onse ali pakati pa zala zanuzo anaolokedwa ndi nthambo ya lamya m'caka ca 1902. Tifuna kuti mudziwe mmene nchito imeneyi inacitikira, makamaka za amene analipira.

Kuyambira m'caka ca 1872, uthenga wa pa lamya wocokera ku London unali kufika ku Australia kudzera kum'mawa, pa nthambo za makampani. Popeza panalibe opikisana nawo, makampaniwo anali kulipiritsa ndalama zambiri pa liu liri lonse, kotero kuti munthu wamba sanali kukwanitsa kutumiza uthenga. Maboma nawonso anali ndi nkhawa. Nthambozo zinali kudzera m'madera a maiko ena, ndipo pa nthawi ya nkhondo mdani akanatha kuzidula kapena kumva zinsinsi.

Munthu amene anaganizira njira ina anali Sandford Fleming, katswiri wa njanji wa ku Canada, wobadwira ku Scotland. Iye anati uthenga udzere kumadzulo: uoloke nyanja ya Atlantic, upite pa mtunda m'dziko la Canada, kenaka uoloke Pacific. Anaumiriranso kuti nthamboyo ikhale ya maboma, osati ya kampani. Nkhaniyi anaikambirana pa msonkhano wa ku London mu 1887 ndi wa ku Ottawa mu 1894. Makampani anaitsutsa poopa kutaya phindu, ndipo panapita zaka zoposa 20 Fleming akulimbikira.

Cobvuta cacikulu cinali ndalama, pakuti nchitoyo inafuna mapaundi pafupifupi 2 miliyoni. Palibe boma limene linafuna kusenza katunduyo lokha, ngakhale onse anali kufuna phindu lake. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga. Motero maboma asanu ndi limodzi anapangana kugawa mtengo wonse m'zigawo 18, monga mmene anthu a pamudzi asonkherana ndalama zogulira ng'ombe imodzi. Britain anatenga zigawo 5, Canada 5, New Zealand 2. Madera atatu a ku Australia, ndiwo New South Wales, Victoria ndi Queensland, anatenga zigawo 2 dera liri lonse. Aphunzitsi, lembani manambala awa pa bolodi kuti ana aonkhetse okha, aone ngati akwanira 18.

Mu 1901 anakhazikitsa bungwe la Pacific Cable Board, mmene munali nthumwi za maboma onsewo. Bungweli ndilo linali kuyang'anira nchito, kulemba anchito ndi kuwerengera ndalama. Zolowa zikacepa, maboma anali kulipira cotsalaco monga mwa zigawo zawo.

Tsopano tsatani njira ya nthamboyo ndi cala. Inayambira pa Bamfield, ku cisumbu ca Vancouver, nipita ku kacisumbu ka Fanning, kamene lero kachedwa Tabuaeran, m'dziko la Kiribati. Cigawo cimeneci cinali ca makilomita oposa 6,000, ndipo pa nthawiyo panalibe nthambo ina ya pansi pa nyanja yaitali cotero. Anacita kupanga sitima yapadera, dzina lake Colonia, kuti inyamule nthambo yonseyo ulendo umodzi. Kucokera pa Fanning nthambo inapita ku Fiji ndi ku cisumbu ca Norfolk, kumene inagawika pawiri: ina ku Southport m'Australia, ina ku New Zealand. Malo onse amene nthamboyo inatulukira pa mtunda anali pansi pa ulamuliro wa Britain. Nchito inatha pa 31 Okutobala 1902.

Nkhawa ya maboma ija sinali yacabe. Mu Seputembala 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitima ya nkhondo ya Germany, dzina lake Nürnberg, inafika pa Fanning, ndipo asilikali anadula nthamboyo ndi kuononga makina. Anchito a bungwe anaikonza, mauthenga nayambanso kuyenda.

Mgwirizano umenewu unabala ina. Mu 1949 panakhazikitsidwa Commonwealth Telecommunications Board, ndipo maiko a m'bungwemo anali kugawana mtengo wa nthambo ndi mawailesi opita kunja, dziko liri lonse monga mwa kagwiritsidwe kake. Mu 1963 Britain, Canada, Australia ndi New Zealand anatsegula nthambo yatsopano ya Pacific, ya COMPAC, imene inali kunyamula mau a anthu olankhulana pa telefoni. Mu 1964 maiko anayambitsa bungwe la Intelsat kuti asonkherane pa masetilaiti, ndipo linakhala m'manja mwa maboma kufikira 2001, pamene linasanduka kampani.

Apa ndi pamene dziko lathu lilowera m'nkhaniyi. Zambia alibe gombe la nyanja ya mcere pamene nthambo ingatulukire. Koma mu 1974 siteshoni ya Mwembeshi, kumadzulo kwa Lusaka, inatsegulidwa, ndipo mau ocokera muno anayamba kupita kunja kudzera pa masetilaiti a Intelsat. Zambia sanafunikire kugula setilaiti yakeyake. Analipira gawo lake monga anzake.

Mukabwerera m'kalasi, kambiranani funso ili: kodi cinali cilungamo kuti New Zealand alipire zigawo 2 pamene Canada alipira 5? Ganizirani za kuculuka kwa anthu, cuma ca dziko, ndi amene anali kufunitsitsa nthamboyo. Ndipo sukulu zitatu za m'dera lanu zikafuna kukumba citsime cimodzi, mungagawe bwanji mtengo wake?