Momwe Tinaphunzirira Kumuzindikira Kashembe

Madokotala ndi makina awo oonera tizilombo asanafike kuno, alenje ndi abusa a ng'ombe ankamudziwa kale kashembe, ntchentche yoluma ya m'tchire. Ankadziwanso kuti ng'ombe ikadyera kumene iye amakhala imayamba kuwonda mpaka kufa. David Livingstone analemba za vutoli m'buku lake la 1857, koma ankaganiza kuti ntchentcheyo ili ndi ululu wakewake.

Zoona zake zinadziwika mu 1895, pamene David Bruce, ali ku Ubombo m'dziko la Azulu, anasonyeza kuti kashembe amanyamula tizilombo kuchokera m'magazi a nyama zakutchire n'kukatisiya m'magazi a ziweto. Apa panabuka funso lina: mwa mitundu yonse ya kashembe, woopsa ndi uti? Mu 1903, Ernest Austen wa ku British Museum anatulutsa buku lofotokoza mitunduyo umodziumodzi, kuti munthu wogwira ntchentche kutchire athe kuitchula dzina.

Funso limeneli linali la moyo ndi imfa m'chigawo chathu. Mliri wa ng'ombe wa m'zaka za m'ma 1890 unapha nyama zambiri zakutchire, kashembe n'kuchepa. Nyamazo zitachulukanso, iye anafalikira m'madera a Kasungu, Dowa ndi Fort Manning, yomwe lero ndi Mchinji. Akatswiri ankakhulupirira kuti matenda a kaodzera amafalitsidwa ndi mtundu wa m'mbali mwa mitsinje wokha, wotchedwa Glossina palpalis, womwe kuno kulibe. Koma anthu ankadwalabe. Mu 1910, akatswiri Stephens ndi Fantham anapeza kachilombo katsopano m'magazi a munthu amene anatenga matendawa m'chigwa cha Luangwa, kutsidya kwa malire athu. Pofika 1912, akatswiri ena, Kinghorn ndi Yorke, anali atatsimikizira m'chigwa chomwecho kuti wofalitsa ndi Glossina morsitans, kashembe wa m'nkhalango za miombo amene abusa ankamuthawa kuyambira kale. Bruce naye anamanga msasa wofufuzira pa phiri la Kasu ku Dowa, n'kugwira ntchito kumeneko mpaka 1914.

Kwa zaka zambiri boma la atsamunda linkalimbana ndi kashembe mwa kupha nyama ndi kugwetsa mitengo. Njira yabwino inabwera chifukwa cha kupenyetsetsa. Kuyambira m'ma 1970, Glyn Vale ndi anzake ku Zimbabwe anaona kuti kashembe amatsata fungo la ng'ombe, amakopeka ndi mtundu wa buluu, ndipo amatera pa chakuda. Nsalu zopakidwa mankhwala zimene timaziona m'mphepete mwa nkhalango za Kasungu, Nkhotakota ndi Vwaza zinachokera pamenepo. Mu 2023, mankhwala akumwa a fexinidazole anavomerezedwa pochiza kaodzera wa mtundu wopezeka kuno, atayesedwa ku Rumphi ndi ku Uganda.

Zizindikiro zimene akatswiri aja ankayang'ana, aliyense angazione. Kashembe ndi wotuwa moderapo, wokulirapo pang'ono kuposa ntchentche ya m'nyumba. Akatera amapinda mapiko limodzi pamwamba pa linzake, n'kuphimba mimba yonse. Mlomo wake woboolera umaloza kutsogolo. Mukaunika phiko padzuwa, mitsempha yapakati imajambula kachithunzi ka nkhwangwa, chizindikiro chimene ntchentche zina zilibe. Saikiranso mazira: wamkazi amabereka mphutsi imodzi pa masiku 9 kapena 10, ndipo imadzikwirira m'dothi la pamthunzi. Ntchentche zina zoluma ng'ombe kudambo zili ndi maso aakulu ndipo zimatera mapiko ali otakasuka. Palinso ina yachikasu moderapo yomwe siluma, koma imaikira mazira pamchenga ndi pa zovala zoyanikidwa pansi, mphutsi zake n'kulowa m'khungu la ana ndi agalu. Kusita zovala kumaziphera pomwepo.

Lero mlimi wa ku Mkanda kapena mwana wasukulu wa ku Kapiri ali ndi foni yotha kujambula phiko la ntchentche. Akagwira yokayikitsa, aijambule, alembe tsiku ndi malo, ndipo akaonetse alangizi a ziweto kapena a zaumoyo. Kashembe sadziwa malire a mayiko, ndipo akatswiri sangakhale m'mudzi uliwonse. Woyamba kudziwa kuti wabwerera adzakhala munthu wapamudzi amene anaphunzira kuyang'anitsitsa.