Bwinja la ku Cushing: nyumba idapulumuka, munda udafa

Amene adaonapo chithunzi chotchedwa Christina's World amakumbukira mayi wovala diresi la pinki, atatsamira manja pa udzu wouma, nkhope italoza kumtunda komwe kuli nyumba yotuwa yamatabwa. Ambiri amati n'chithunzi cha bata la kumudzi. Koma mbiri yake ndi yowawa kuposa pamenepo.

Adachijambula ndi Andrew Wyeth m'chaka cha 1948, ku Cushing, m'chigawo cha Maine ku America. Mayiyo ndi Christina Olson, yemwe panthawiyo adali ndi zaka 55. Miyendo yake idali itafooka ndi matenda, koma adakana njinga ya olumala, n'kumakwawa yekha pakhomo ndi kumunda. Ankakhala ndi mchimwene wake Alvaro m'nyumba ya makolo awo, yomwe inkangokalamba popanda ndalama zoikonzera.

Banja la a Olson silidali lokha m'mavutowa. Mu 1935 dziko la America lidali ndi mafamu pafupifupi 6.8 miliyoni, lero atsala pafupifupi 2 miliyoni. Mathirakitala adapatsa mphamvu alimi akuluakulu, achinyamata adathamangira ntchito zam'tauni, ndipo minda yaing'ono yamiyala ngati ya ku Maine idasanduka tchire. Ziwerengerozi zimatiuza kuchuluka kwa otaya minda, koma sizitiuza momwe khomo limazizirira ana akachoka. Izi n'zimene Wyeth adajambula.

Adafika pakhomopo mu 1939, ndipo adabwererako chilimwe chilichonse kwa zaka pafupifupi 30, mpaka kupatsidwa chipinda chapamwamba choti azijambuliramo. Ankakonda utoto wosakaniza ndi dzira, womwe suwala, motero zithunzi zake zimaoneka zouma ngati thabwa lakale. Mu Wind from the Sea cha 1947 mulibe munthu: muli windo lotsegula ndi katani yong'ambika ikuuluzika ndi mphepo. Alvaro atamwalira kumapeto kwa 1967, Christina n'kutsatira mu Januwale 1968, Wyeth adajambula zitseko ziwiri zam'nyumbamo, n'kutcha chithunzicho Alvaro and Christina.

Akatswiri ambiri a zojambula ku New York ankamunyoza kuti amagulitsa chisoni kwa anthu am'tauni opukwa kumudzi. Sadaname kwenikweni. Museum of Modern Art idagula Christina's World pa madola 1,800, Wyeth adatchuka n'kulemera, pomwe a Olson adafa ali osauka. Nyumba ija nayo idapulumuka chifukwa cha chithunzi: mu 1991 idaperekedwa ku Farnsworth Art Museum, ndipo mu 2011 boma lidaiika m'gulu la malo ofunika pambiri ya dziko. Alendo amadzaona makoma ake, koma munda uja palibe amaulimanso.

Apa mpamene ndikuona vuto la ojambula mabwinja masiku ano, kaya ndi burashi kaya ndi foni. Denga lobooka limakongola kwa yemwe sagonamo mvula ikamagwa. Wodutsa amajambula n'kupita. Mwini nyumba amatsala akutchera mabeseni.

Chimene chimamuombola Wyeth n'chakuti sadali wodutsa. Ankakhala nawo kukhitchini akucheza, chaka ndi chaka, mpaka onse awiri adatha. Atamwalira mu 2009, adamuika m'manda aang'ono omwewo, kumunsi kwa munda, pafupi ndi Christina ndi Alvaro.