Nambala ya pa khadi la azakhali

Azakhali anga amagulitsa tomato ndi kapenta pa msika wa m'komboni yathu. Mwezi watha ndinawaperekeza ku kiliniki kukapimitsa BP. Nesi anawakweza pa sikelo, kenaka anawaimika pa cipupa ca mizere, ndipo analemba pa khadi: makilo 78, msinkhu mamita 1.62, BMI 29.7. Titakwera minibasi, azakhali anandipatsa khadi lija nati, "Iwe umaphunzitsa masamu, tandiuze, nambala iyi ikuti ciani za ine?"

Masamu ake ndi a Giredi 8. Mumatenga msinkhu ndi kuuculukitsa ndi msinkhu womwewo, kenaka makilo muwagawe ndi yankho lija. Bungwe la WHO limati wocepera pa 18.5 ndi woonda, kuyambira pa 25 thupi lakula, ndipo pa 30 munthu wanenepa kwambiri. Ndinawauza kuti akadavula cabe mapatapata, msinkhu n'kutsika ndi sentimita imodzi, bwenzi nesi atalemba 30.1. Anaseka mpaka kondakitala anaceuka. Koma m'maiko ena mzere wa 30 umenewu ndiwo umasankha amene dokotala angamulembere mankhwala ocepetsa thupi, aja a nyeleti amene mumawaona pa Facebook ndi TikTok. Ndiye ndinafuna kudziwa kuti mzerewu anaujambula ndani.

Amene anayamba masamu awa sanali dokotala. Adolphe Quetelet anabadwira ku Ghent, m'dziko limene tsopano ndi Belgium, mu 1796, ndipo nchito yake inali ya masamu ndi nyenyezi. Akatswiri a nyenyezi a nthawi imeneyo anali ndi vuto lakuti anthu khumi akapima malo a nyenyezi imodzi, mayankho anali kusiyana pang'ono. Njira yawo inali kutenga yankho lapakati, ndipo ena onse ankawaona monga zolakwika. Quetelet anaganiza zocita cimodzimodzi ndi anthu. Anasonkhanitsa miyeso ya zifuwa za asilikali a ku Scotland oposa 5,000, ndi misinkhu ya anyamata olembedwa usilikali ku France, pofuna kupeza munthu amene anamucha "munthu wapakati". Mu 1832 analemba kuti mwa anthu aakulu, kulemera kumayendera msinkhu wouculukitsa ndi wokha, ndipo buku lake lalikulu linatuluka mu 1835. Za matenda a kunenepa analibe nazo nchito. Iye anafuna kufotokoza khamu la anthu a ku Europe, monga mmene aboma amawerengera mbuzi za m'cigawo popanda kudziwa dzina la mbuzi iliyonse.

Amene anasandutsa kulemera kukhala nkhani ya moyo ndi imfa anali a inshuwalansi. Makampani a ku America anaona m'mabuku awo kuti makasitomala olemera thupi ankamwalira msanga, ndipo munthu akamwalira msanga kampani imaluza. Louis Dublin, wowerengera wa kampani ya Metropolitan Life ku New York, anatulutsa mndandanda wa makilo oyenera pa msinkhu uliwonse mu 1942 ndi 1943, ndipo wina unatuluka mu 1959. Madokotala anaupacika pa zipupa. Koma anthu amene anapimidwa anali aja okwanitsa kugula inshuwalansi, ambiri a iwo azungu, ndipo ankapimidwa atavala zovala ndi nsapato.

Dzina lakuti body mass index linabadwa mu 1972. Ancel Keys wa pa yunivesite ya Minnesota, pamodzi ndi anzake, anayerekezera njira zosiyanasiyana zowerengera pofuna kuona imene ikugwirizana kwambiri ndi mafuta enieni a m'thupi. Anagwiritsa nchito miyeso ya anthu oposa 7,400 a ku America, Finland, Italy, Japan, ndi kagulu kocepa ka amuna akuda a ku South Africa. Njira yakale ya Quetelet ndiyo inapambana zinzake, ngakhale kuti sinali yangwiro. Pa anthu onsewo panalibe mkazi ndi mmodzi yemwe. Ndikamaganiza izi ndimaona azakhali ataima pa cipupa cija, akupimidwa ndi muyeso umene unayesedwa pa amuna okhaokha, ndipo Keys mwiniwake anaukonzera ofufuza za magulu a anthu.

Cimene cinaufalitsa n'cakuti ndi wochipa. Umafuna sikelo, tepi ndi cowerengera, basi. Mu 1985 bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa umoyo, NIH, linaika mzere wa kukula thupi pa 27.8 kwa amuna ndi 27.3 kwa akazi. Mu June 1998 linautsitsa kufika pa 25 kuti ligwirizane ndi WHO. Anthu oposa mamiliyoni 25 anagona ali bwinobwino, nadzuka ali m'gulu la okula thupi, osawonjezera ngakhale citumbuwa cimodzi. Manambala 25 ndi 30 anasankhidwa ndi makomiti atakhala pa tebulo. Anali ndi umboni wakuti matenda a shuga ndi a mtima amaculuka BMI ikamakwera, izi n'zoona, koma matendawo amakwera pang'onopang'ono monga citunda. Pa 30 palibe phompho.

Malangizo omwewo a 1998 ndiwo anati mankhwala ocepetsa thupi apatsidwe kwa munthu wa BMI 30, kapena wa 27 ngati ali ndi matenda ena monga BP kapena shuga. Apa ndiyenera kuwaikira kumbuyo madokotala, cifukwa mbiri ya mankhwala amenewa ndi yoopsa. M'zaka za m'ma 1930 anthu ku America ankamwa DNP, amene ankatenthetsa thupi mpaka ena kufa ndipo ena kucita ng'ala m'maso, kufikira pamene anawaletsa mu 1938. Mu September 1997 mbali ina ya mankhwala ochuka a fen-phen inacotsedwa pa msika itapezeka kuti ikuwononga timavavu ta mtima. Sibutramine nayenso anacotsedwa mu 2010. Ndi mbiri yotere, panafunika cipata cakuti mankhwala azipita kwa okhawo amene thupi lawo likuwaika pa ngozi yoposa ngozi ya mankhwalawo. Cipata cochipa cimene cinali pafupi cinali BMI.

Mankhwala a masiku ano ndi a mtundu wina. Amatsanzira homoni ya m'matumbo yochedwa GLP-1, imene imauza ubongo kuti mwakhuta ndi kucedwetsa cakudya kucoka m'mimba. Oyamba a mtundu umenewu anacokera ku kafukufuku wa ululu wa buluzi wa m'cipululu ca ku America wochedwa Gila monster, ndipo ana a m'kalasi mwanga sanandikhulupirire nditawauza. Kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark inaloledwa kugulitsa Ozempic ku America mu 2017 monga mankhwala a shuga. Mu June 2021 mankhwala omwewo, semaglutide, pa mlingo wokulirapo, analoledwa monga ocepetsa thupi pa dzina la Wegovy, ndipo cipata cinali cija ca 30 ndi 27. Pa kafukufuku wamkulu, anthu obaya nyeleti imodzi pa sabata anataya pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwawo m'masabata 68. Ambiri ankamva mseru, ndipo amene analeka, mbali yaikulu ya makilo inabwerera m'caka cimodzi. Mtengo wake ku America pa nthawiyo unali woposa madola 1,300 pa mwezi.

Tsopano tiyeni tiwayendetse azakhali pa mapu, ali ndi thupi lomweli. Kwa WHO iwo ndi okula thupi cabe. Ku America, popeza ali ndi BP ndipo adutsa 27, dokotala akhoza kuwalembera. Ku England bungwe la NICE limati anthu ocokera ku Africa ndi ku Asia amayamba kudwala shuga pa BMI yotsika poyerekezera ndi azungu, motero kwa iwo kunenepa kwambiri kumayambira pa 27.5. Kumeneko azakhali ndi onenepa kwambiri kale. Koma kuti alandire Wegovy m'zipatala za boma, lamulo la 2023 linafuna BMI ya 35 pamodzi ndi matenda ena, ndipo kwa munthu wakuda mzere umatsika ndi 2.5 kufika pa 32.5. Apa ndiye atsala. Pali kakhomo kena ka ocepera pamenepo, koma n'kodutsira kwa akatswiri. Kuno kwathu funso la nambala silifika n'komwe, cifukwa phindu la kapenta la caka conse silingagule nyeleti za miyezi iwiri pa mtengo uja.

Palinso cina cimene mabuku a ku Minnesota sangakuuzeni. Ife kulemera kwa thupi tinakuphunzira kucokera ku mbali inayo. Ndili mwana, m'zaka za m'ma 1990, munthu akayamba kuonda anthu ankanong'ona. Matenda aja tinkawachula kuti kaliondeonde. Pulezidenti Kaunda anali ataulula kale mu 1987 kuti mwana wawo anamwalira ndi AIDS, koma m'komboni manyazi sanathe. Ma-ARV atayamba kuperekedwa kwaulere ca m'ma 2005, cizindikiro coyamba cakuti munthu wacira cinali masaya kubwerera. Nambala imene anesi athu ankaiyang'anitsitsa pa odwala TB ndi HIV inali 18.5, ya kumunsi. N'cifukwa cake mpaka lero mukabwera kucokera kutali, wokulandirani amati "Mwaina!" ndipo ndi ciyamiko. Azakhali anaika m'manda abale awo awiri m'zaka zimenezo. Kuwauza kuti aonde ndi kuwauza kuti afanane ndi anthu amene anawasambitsa pa mphasa. Ndipo dziko lathu likusenza mitolo yonse iwiri: kafukufuku wa boma wa 2013 mpaka 2014 anapeza kuti akazi 23 pa 100 alionse anali ndi BMI ya 25 kapena kuposa, pamene wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira.

Ngakhale eni ake a nambalayi ayamba kuikayikira. Mu June 2023 bungwe la madokotala a ku America, AMA, linanena kuti BMI payokha siyokwanira kuweruzira munthu mmodzi, ndipo linavomereza kuti inamangidwa makamaka pa miyeso ya azungu. Simasiyanitsa mnofu ndi mafuta, ndipo mnyamata wonyamula matumba a simenti angalowe gulu limodzi ndi bwana wokhala pa mpando tsiku lonse. Mu January 2025 gulu la akatswiri a m'maiko ambiri linalemba mu magazini ya The Lancet Diabetes & Endocrinology kuti madokotala azipimanso ciuno ndi kuona ngati ziwalo zikugwira nchito bwino asanachule munthu kuti ndi wodwala.

Ine sindikuti titaye sikelo. Cipata cokhota cikadali cabwino kuposa msika wa pa foni, kumene wogulitsa samafunsa msinkhu, BP kapena ngati muli ndi pakati. Mu June 2024 WHO inacenjeza za Ozempic wabodza amene anapezeka ku Brazil, ku Britain ndi ku America. Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo anandionetsa pa foni yake cithunzi ca nyeleti zimene ankafuna kuitanitsa. Tinawerengera limodzi BMI yake pa cikuto ca kope, ndipo inatuluka 22.

Azakhali ndinawauza za muyeso wina umene a NICE amalimbikitsa, wakuti ciuno ca munthu cisafike theka la msinkhu wake, cifukwa mafuta a pamimba ndiwo amayenda kwambiri ndi shuga ndi BP. Kwa iwo theka ndi masentimita 81. Loweruka tinabwereka tepi kwa telala wa pafupi ndi tebulo lawo, ndipo inawerenga 94. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandiuza kuti ndilembe nambalayo kumbuyo kwa khadi kuti akaonetse adokotala pa tsiku lokatenga mapilisi a BP. Pobweza tepi anauza telala kuti diresi lawo la ku chalichi asalicepetse kaye.