Pamene Sukulu Inali Pakhomo

Kodi mukumbukira March 2020, pamene boma linatseka masukulu onse m'Zambia cifukwa ca matenda a korona? Nanga 2024, pamene kolera inacedwetsa kutsegulira masukulu kufikira pa 12 February? Ngati munali ku Kaumbwe, kapena kwina m'maboma a Petauke ndi Nyimba, munamva akulu akudandaula kuti ana angokhala osaphunzira. Dandaulolo linali lomveka. Koma agogo a agogo anu likanawadabwitsa, pakuti kwa iwo sukulu inali pakhomo pomwepo.

Kalelo mwana wa Cinsenga anali kutenga mfunda wa amake, kaya Mumba, Tembo, Lungu kapena Mwanza, ndipo atsibweni ake ndiwo anali ndi mau aakulu pa iye. Aphunzitsi ake anali anthu omwe anali kudya nawo nsima. Mtsikana anali kuumba kamphika kake pambali pa amake, kamphikako nkusweka, iye nkuyambanso. Mnyamata anali kuyamba ndi ng'ombe zadothi, kenaka misampha ya mbewa, ndipo pambuyo pake kung'amba bango ndi kusoka mphasa. Palibe anali kumuonongera bango labwino asanaonetse kuti manja ake akhwima.

Musapeputse masanje. Anthu akatha kukolola, ana anali kumanga timisasa ta mapesi kunja kwa mudzi, nasankhana kuti uyu ndi tate, uyu ndi mai, uyo ndi mfumu. Anali kutola cimanga ndi nshawa zotsalira m'minda, kusinja, kuphika ndi kuweruza timilandu tawo. Nsima ikatuluka yosapsa, anzake omwe ndiwo anali kumuseka wophikayo, ndipo kusekedwa kotero sikuiwalika msanga. Usiku kunali nthano pamoto, wosimba akuti "Padangokhala," ana nayankha "Tilitonse."

Cinthu cimodzi cimene anyamata anali kudzipangira cinafika kutali. Kalimba ndi kathabwa kokhala ndi tizitsulo tosulidwa, koikidwa pa cikho kuti mau amveke. Mu 1961 katswiri wa nyimbo John Blacking anafika ku Petauke, najambula nyimbo za kalimba za Ansenga, nalemba za izo m'magazini ya African Music. Kalimba inali bwenzi la mnyamata woyenda yekha panjira, ndipo m'zaka zimenezo njira za Ansenga zinali zitatalika kwambiri.

Cinazitalikitsa ndi msonkho. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, kampani ya British South Africa inayamba kukhometsa msonkho wa nyumba, masheleni 3 pa caka. Ndalamazo m'mudzi munalibe. Conco amuna anayamba kupita ku Southern Rhodesia, kumene anthu anali kungokuchula kuti ku Walale, kukagwira nchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'nyumba za Azungu. Ulendowo unali wa pansi. Anali kunyamuka m'gulu cifukwa ca mikango, kawirikawiri zokolola zitalowa m'nkhokwe, ndipo ambiri anali kuwoloka Zambezi pa Feira, pamene lero tikuti Luangwa. Banja lonse linali kukonza ulendowo: akazi kusinja ufa ndi kukazinga nshawa za kamba, ana kuthandiza kumanga mtolo. Ena anabwerako ndi njinga, bulangeti ndi nsalu. Ena sanabwerenso, ndipo ndiwo anachedwa machona. Taganizani mai wotsala ndi ana anai, munda, ndi nchito yonse yowaphunzitsa. Mabuku a mbiri amanena zambiri za amene anapita, koma za otsalawa amangodutsapo.

M'nyengo yomweyo panafika sukulu ya mtundu wina. Amishoni a Dutch Reformed Church anatsegula Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr mu 1914, ndipo ansembe a White Fathers anayamba mishoni ya Minga mu 1923. Kucokera m'malo amenewa aphunzitsi anali kutumizidwa m'midzi. Sukulu yake inali ya mitengo ndi udzu, ana akulemba ndi cala pamcenga asanapatsidwe sileti. Colinga cacikulu cinali cakuti awerenge Mau a Mulungu, ndipo Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922. Koma onani ici: bukulo linali m'Cinyanja. Mwana anali kulankhula Cinsenga ndi amake m'mawa, naphunzira kuwerenga m'cinenero cina masana. Ambiri a inu mwadutsa m'njira yomweyi.

Si makolo onse anakondwera nayo sukuluyo. Nanga mbuzi adzaweta ndani? Anyani m'munda adzapirikitsa ndani? Mwa zinthu zimene zinawakopa panali kalata. Mwamuna akalemba kucokera ku Walale, kapena akalembetsa kwa mnzake, mkazi wosadziwa kuwerenga anali kukapempha munthu wakunja, ndipo zinsinsi za banja ndi ciwerengero ca ndalama zotumizidwa zinali kumveka mudzi wonse. Mwana wodziwa kuwerenga anali kutseka pakamwa pa anthu.

Mlatho woyamba pa Luangwa unamangidwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo umene mumawolokapo lero unatsegulidwa mu 1968. Ulendo wa makilomita pafupifupi 400 kucokera ku Petauke kufika ku Lusaka unasanduka wa tsiku limodzi, basi nkuima pa Nyimba kuti anthu agule nthoci. Ana a m'mphepete mwa Great East Road anaona malole akudutsa, ndipo pambali pa ng'ombe zadothi panaoneka galimoto zawaya, za magudumu a tizitini ta polishi ndi ciwongolero cacitali cofika m'ciuno. Palibe silabasi imene inalembapo za kapangidwe kake. Mng'ono amakhala pansi pafupi ndi mkulu wake, atagwira waya, kudikira kuti auzidwe popinda.