Chithunzi cha ukwati: kumene ntchito yojambula yachokera

 Paja fodya akagulidwa, mbatata ya kachewere ikakumbidwa, chotsatira timachidziwa tonse: zikwati Loweruka lililonse. Pa ukwati uliwonse pamakhala munthu mmodzi amene si mbale, savina, nthawi zina sadya n'komwe, koma akati "imani apa", ngakhale a mfumu amaima. Ameneyu ndi wojambula zithunzi. Lero tiyeni tione kumene ntchito yakeyi yachokera, chifukwa mbiri yake ili ndi phunziro kwa achinyamata amene akufuna kudyerapo, komanso kwa mabanja amene amawalemba ganyu.

Kamera isanakhale yathu

Luso lojambula zithunzi linalengezedwa ku France mu 1839. Pasanathe zaka 20, mu 1858, gulu la David Livingstone linafika ku Tete litanyamula zipangizo zojambulira. Dokotala wa gululo, John Kirk, anajambula nyumba, mitengo ndi magombe a m'chigwa cha Zambezi. Kamera za nthawi imeneyo zinkafuna kuti chinthu chikhale duu kwa kanthawi ndithu, choncho gule kapena mkwatibwi woyenda sakanatheka kujambulidwa.

Mu 1929 José dos Santos Rufino anatulutsa mabuku 10 a zithunzi za dziko lino, ndipo Tete analimo. Mukawaona mupeza misewu, nyumba za boma ndi minda ya makampani. Anthu akuda alimo, inde, koma ambiri ngati antchito ndi onyamula katundu, opanda maina. Zithunzizo anazitengera anthu a ku Lisboa, kuti aone chuma cha dziko limene ankalamulira. Palibe anafunsa agogo athu ngati akufuna kujambulidwa, kapena chovala chimene angakonde kuonekera nacho.

Kusintha kunayambira pafupi nafe, tsidya la malire. Ku mishoni ya Blantyre kunali Mungo Murray Chisuse, Mwafirika amene anaphunzira ntchito yosindikiza mabuku, n'kukafika mpaka ku Scotland. Iyeyu anadziwanso kamera, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ankajambula Aafirika anzake amene ankabwera okha, atavala bwino, kudzajambulitsa. Mwa anthu amene anawajambula muli John Chilembwe ndi banja lake, yemwe uja nkhope yake timaiona pa ndalama za kwacha tikapita kumsika wa Lizulu. Apa ndiye panayambira ntchito imene tikukamba lero: wojambulidwa ndiye bwana, ndiye wolipira, ndipo chithunzi chikapanda kumukomera sabweranso.

Ukwati wa kutchalitchi ndi amatchona

Ukwati wa makolo athu unali ndi mboni zake kale. Ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi akagwirizana, nkhani yatha, ndipo mudzi wonse ndiwo unkasunga chikumbutso. Mamishoni atafika, monga wa Akatolika ku Lifidzi, kenako wa Fonte Boa ku Tsangano, pamodzi ndi a mpingo wa Reformada, anabweretsa ukwati wolembedwa m'kaundula, wa diresi loyera ndi suti. Tsiku la zovala zotere munthu amalakalaka litatsala penapake.

Amene anakoleza chilakolakochi ndi abambo amene ankapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni. Pobwera, m'sutikesi munkakhala bulangete, nsapato, ndi kachithunzi kotengedwa mu situdiyo ya m'tauni, mwini wake ataima pambali pa mpando, chipewa chili kumutu. Kachithunziko kankayenda khomo ndi khomo. Koma wojambula anali wa m'tauni basi, ndipo mtengo wake sunali wa mlimi. N'chifukwa chake agogo athu ambiri anamanga ukwati, kubereka ana ndi zidzukulu, popanda chithunzi n'chimodzi chomwe cha tsiku lawo.

Kumwera, ku Lourenço Marques kumene lero ndi Maputo, kunatuluka Ricardo Rangel, wobadwa mu 1924. Anayamba ngati wothandiza m'chipinda chotsukira zithunzi, ndipo mu 1952 anakhala munthu woyamba wosakhala mzungu kulembedwa ntchito yojambula pa nyuzipepala ya Notícias da Tarde. Mu 1970 anali mmodzi wa oyambitsa magazini ya Tempo, ndipo kuyambira mu 1983 anatsogolera sukulu yophunzitsa ojambula ku Maputo. Anamwalira mu 2009. Rangel anali wa nkhani, osati wa zikwati, koma anasonyeza dziko lonse kuti kamera ndi ntchito yoti mwana wa muno angaiphunzire, n'kulemekezeka nayo.

Zimene nkhondo inatenga

Kuno kwathu zinthu sizinayende mofulumira choncho. Nkhondo ya ufulu inafika m'chigawo cha Tete mu 1968. Ufulu unabwera pa 25 June 1975, koma pasanapite nthawi nkhondo ina inabuka, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 October 1992. Anthu a ku Macanga, Angónia ndi Tsangano anathawira ku Ntcheu, ku Dedza ndi m'maboma ena, ndipo othawa nkhondo ku Malawi anapitirira 1 miliyoni.

Munthu wothawa usiku amanyamula mwana, mphika ndi ufa. Zithunzi zochepa zimene zinalipo zinatsala m'nyumba, zina zinapsa, zina zinadyedwa ndi chiswe. Alipo ana amene anakula osadziwa nkhope ya bambo awo. Akuluakulu a m'makalabu athu sakufunika kuuzidwa zimenezi, eti? Tikuzikumbutsa kuti achinyamata amvetse chifukwa chake mayi wachikulire amasunga chithunzi chofiirira m'Baibulo kapena pansi pa sutikesi ngati ndalama.

Komabe moyo sunaime. Anthu ankakwatirana kuchilendo konko, ndipo ambiri anazolowerana kumeneko ndi ojambula oyendayenda, aja a kamera m'khosi ndi njinga yakapalasa. Pobwerera kwathu kuyambira mu 1993, mwambo woitana wojambula pa ukwati unabwera nawo.

Nthawi ya filimu

Zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000 ndiyo inali nthawi ya wojambula wa panjinga, ndipo apa m'pamene pali phunziro lalikulu. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36, basi. Wojambula sankaona chimene wajambula. Mkwatibwi akaphethira, zinkadziwika patapita masabata. Kuti zithunzi zituluke, filimu inkayenera kupita kutauni kukatsukidwa, ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo ulendowo unkadya ndalama. Munthu wanzeru ankadikira kuti asonkhanitse mafilimu angapo kuti thiransipoti imupindulire. Nthawi yonseyo banja latsopano lili maso kunjira.

Tsoka linali pafupi nthawi zonse. Wina akatsegula kamera mwangozi kuwala n'kulowa, filimu yonse yapsa, ndipo ukwati subwerezedwa. Mabatire a fulashi ankatha pakati pa mwambo. Vuto lina linali la ngongole. Pa tsiku la chisangalalo aliyense amakuwa kuti "ndijambuleni, achimwene!", koma pobweretsa zithunzi, wina wasamuka, wina akuti ndaoneka wakuda kwambiri, wina akuti ndilipira fodya akagulidwa. Zithunzi zosaomboledwa zinkadzaza chikwama, ndipo mpamba unkathera momwemo. Kuwonjezera apo, kuno kumalire mtengo unkatchulidwa pawiri, m'metikali ndi m'kwacha, ndipo mu 2006, metikali yatsopano itachotsa maziro atatu, panafunika kumvana bwino kuti "faifi" amene akunenedwayo ndi uti.

Ojambula amene anakhalitsa pa ntchitoyi anapulumukira pa zinthu zochepa. Ankakambirana mtengo ukwati usanafike, pamaso pa ankhoswe kapena apadirinyu. Ankalandira chikole chogulira filimu, zotsala polandira zithunzi. Ankalemba m'kope dzina, mudzi ndi chiwerengero cha zithunzi. Ndipo popeza 36 ndi zochepa, ankayamba afunsa banja kuti ndani amene sayenera kusowa. Wojambula wosafunsa ankathera filimu pa atsikana operekeza ovala zowala, agogo amene analera mkwati atakhala pamphasa kuseri. Banja lotero silinkamuitananso, ndipo mbiri yake inkafika kumidzi ina iye asanafikeko.

Zoterezi sizinali za kuno kokha. Ku Bamako, m'dziko la Mali, Malick Sidibé ankazungulira zikwati ndi madansi m'zaka za m'ma 1960. Akachoka kuphwando ankatsuka filimu usiku womwewo, n'kumata tizithunzi ting'onoting'ono pa mapepala kuti eni ake adzasankhe okha zimene akufuna kugula. Motero sankataya ndalama posindikiza zosafunidwa, ndipo kasitomala ankalipira chimene wachikonda yekha. Mu 2007 munthu wa zikwati ndi madansi yemweyu analandira mphoto yapamwamba ya Golden Lion ku Venice.

Foni italowa m'thumba la aliyense

Kamera yosafuna filimu inapangidwa koyamba mu 1975 ndi Steven Sasson, injiniya wa kampani ya Kodak. Chodabwitsa n'chakuti luso lomweli ndi limene linagwetsa malonda a filimu, mpaka Kodak inakapempha chitetezo kukhoti chifukwa cha ngongole mu 2012. Chaka chomwecho Movitel inayamba ntchito muno m'Mozambique, n'kufikitsa netiweki kumidzi yambiri kumene kunalibe. Lero pa ukwati mafoni amakwezedwa m'mwamba ngati mapesi, ndipo zithunzi zimafika kwa achibale ku Joni pa WhatsApp mpunga usanaphulidwe.

Ena anati ntchito ya wojambula yatha. Koma taonani zimene zimachitika. Foni imagwera m'madzi, imabedwa, imagulitsidwa nthawi ya njala, memori khadi imafufutika. Banja limene linajambulidwa ndi anthu 50 limapezeka patapita zaka zitatu lilibe chithunzi choti n'kupachika pakhoma. Mlendo wa foni amajambula zimene zamusangalatsa iye. Wojambula wolembedwa ganyu amayankha kwa eni ukwati, ndipo chimene amagulitsa kwenikweni ndi lonjezo lakuti tsikuli silitayika.

Zimene mbiriyi ikutiuza

Kwa inu achinyamata amene mwagula kamera, malamulo a wojambula wa panjinga aja akadali amoyo. Kumanani ndi akwati ndi ankhoswe awo nthawi ikadalipo. Mvanani za mtengo, maola, chiwerengero cha zithunzi zosindikiza, za alubamu, za thiransipoti yanu, ndi tsiku lobweretsa. Zilembedwe papepala, aliyense asunge lake. Chikole chikabwera pa M-Pesa kapena e-Mola, uthenga wake musaufufute.

Funsani maina a anthu ofunika: makolo, amalume, azakhali, agogo, apadirinyu ndi amadirinya. Pemphani wachibale mmodzi woti azikulozerani, chifukwa mlendo sangadziwe kuti mayi ovala chitenje chakale aja ndiwo mwini mbumba. Kaonaneni ndi abusa kapena ansembe mwambo usanayambe kuti akuuzeni poyenera kuima. Fikani msanga, mabatire ali odzaza, ena apadera ali m'thumba, poti magetsi si paliponse. Pa perekaniperekani musatsekereze anthu. Khalani odekha ndi mkwatibwi wamanyazi, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukafika kunyumba, sungani zithunzi malo awiri musanagone.

Pali nkhani imodzi imene a nthawi ya filimu sanakumane nayo. Chithunzi lero chimauluka. Musaike nkhope za akwati pa Facebook pofuna kutsatsa malonda anu musanawapemphe. Tikatero tabwerera ku nthawi ija yojambula anthu osawafunsa.

Kumbukiraninso kuti wojambula ndi mboni. Lamulo la banja la mu 2004 linazindikira ukwati wa kuboma, wa kutchalitchi ndi wa chikhalidwe. Ndipo lamulo nambala 19/2019 limaletsa ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18. Mukaitanidwa kukajambula mwana atavekedwa velo, ndalama imeneyo ikanike, ndipo nkhaniyo ifike kwa oyenera.

Kwa inu akwati ndi makolo, wojambula naye ndi wantchito. Kamera anagula, njinga yamoto imamwa petulo, pepala losindikizira ndi la ndalama. Mulipireni pa tsiku limene munagwirizana, mupatseni mpando ndi chakudya, ndipo musamusinthire pangano pakati pa phwando. Ngakhale ndalama zitachepa, sindikizani zithunzi zingapo papepala, n'kulemba kumbuyo kwake maina, mudzi ndi tsiku.

Pomaliza, pempho kwa makalabu onse. Pa msonkhano ukubwerawu, aliyense amene ali ndi chithunzi chakale cha ukwati, kaya cha nkhondo isanayambe, kaya chotengedwa ku Ntcheu kapena ku Dedza, abwere nacho. Akuluakulu atiuze amene alipo, anajambula ndani, ndipo chinapulumuka bwanji. Alembi a makalabu alembe zimenezo n'kutumiza kuno, kuti tidzaziwerenge pamodzi m'kope lotsatira.