Waya Umodzi, Ntchito Ziwiri

Pa tchuthi cha Disembala ndinakumana ndi anzanga atatu amene tinasiyana titalemba mayeso a Fomu 4. Awiri mwa iwo akugwira ntchito ku Joni, ndipo ananditengera pafupi ndi Sun City, komwe kuli zipline yotalika pafupifupi makilomita 2. Anatimanga malamba pamwamba pa phiri, tinagona chafufumimba, n'kutisiya titsetsereke pa waya. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Titafika pansi, mnzanga wina anati, "Aise, zinthu izi kwathu kulibe." Ndinamutsutsa, ndipo pano ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake.

Waya wotereyu poyamba sanali wamasewera. M'chigawo cha Yunnan ku China, anthu a m'mphepete mwa mtsinje wa Nujiang ankawoloka phompho atalendewera pa chingwe chifukwa kunalibe milatho. Ana ankapita kusukulu motero, ziweto nazo zinkawoloka motero. Ku Australia alimi ankatumizirana zakudya ndi zipangizo pa waya kutsidya kwa mitsinje. M'zaka za m'ma 1970, katswiri wa zamoyo Donald Perry anamanga zingwe m'nkhalango za ku Costa Rica kuti afufuze zamoyo za pamwamba pa mitengo. M'ma 1990 amalonda a m'dzikomo anasandutsa njirayi kukhala chokopa alendo, ndipo inafalikira padziko lonse.

Nafenso tili ndi mbiri yathu. Amene anakwerapo phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula kupita ku Chambe amaidziwa njira yotchedwa Skyline. Dzinalo linachokera pa waya amene ankatsitsa matabwa kuchokera m'phirimo. Choncho waya unalipo kale kwathu, kungoti unkanyamula mitengo, osati anthu. Ankautcha chitukuko, ndipo unapepuzadi ntchito ya anthu osenza matabwa pamutu m'njira zoterera.

Koma phiri lomwe lakhala likutsitsa mitengo kwa zaka zambiri latsala ndi chiyani? Mkungudza wa ku Mulanje, umene Kamuzu Banda anaulengeza kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Sindikunena kuti waya ndi umene unaumaliza. Ndikunena kuti kwa nthawi yaitali tinkaona phiri ngati nkhokwe yongotapamo. Anzathu a ku Costa Rica anazindikira kuti mtengo woimirira ukhoza kubweretsa ndalama chaka ndi chaka, pomwe wodulidwa umagulitsidwa kamodzi kokha.

Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Alendo abwera ndithu. Funso langa ndi lakuti adzapeza chiyani, ndipo ndalama zawo zidzafika kwa ndani: kwa onyamula katundu a ku Likhubula, kapena kwa eni ndalama a kutali?

Anzanga aja tagwirizana kuti tchuthi chikubwerachi tikakumane ku Mulanje. Tikakwera Skyline wapansi.